Perete Amavinika, Chiwaya Sichivinika

(NG'OMA YA MALIPENGA NDI WEZULO ZIMVEKE PANG'ONO, KENAKA ZITSIKE)

 

Ng'oma mwaimvayo ndi ya malipenga. A ku Nkhata Bay, ku Karonga ndi ku Likoma mukuidziwa bwino. A ku Dowa ndi ku Ntchisi muli ndi mganda wanu, a ku Mangochi muli ndi beni. Tawakumbukirani ovinawo: makabudula osita mpaka kuthwa, masokosi ofika m'maondo, mizere yowongoka ngati aikoka ndi chingwe, wezulo ikangolira onse tembenu nthawi imodzi. Magule amenewa anatengera perete wa asilikali, ndipo anafala kwambiri kuno itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, imene agogo athu ankaitcha Chiwaya, dzina la mfuti ija yolavula zipolopolo mosapumira.

Ine ndikamaonera magulewa mtima umakhala m'malo, koma pali chimene ndimachisowa m'bwalomo. Kuguba kulimo. Sawatcha alimo. Maudindo alimo. Koma simuonamo munthu amene akutha ndi kamwazi m'tchire, simuonamo wamtengatenga amene wagwa ndi katundu wake pamutu osadzukanso, chonsecho pa nkhondo ya kuno kum'mawa kwa Africa matenda ndi njala zinapha anthu ambiri kuposa mfuti. Gule anasunga gawo limene limavinika. Gawo linalo anthu analowa nalo m'manda, kapena ankalilota usiku osauza munthu.

Lero ndikufuna tikambe za gawo linalo, ndipo otitsogolera akhala olemba nkhani zopeka za nkhondo. Ambiri mwa iwo amabwerera ku funso limodzi: kodi zimene mnyamata amaphunzira pabwalo la maphunziro a usilikali zimamufikitsa pati tsiku limene wina wayamba kumuwombera zenizeni?

Tiyambire ku Germany. M'chaka cha 1929 kunatuluka buku la Erich Maria Remarque lotchedwa Im Westen nichts Neues, limene ambiri amalidziwa ndi dzina la Chingerezi loti All Quiet on the Western Front. Remarque anabadwa mu 1898, analembedwa usilikali ali ndi zaka 18, ndipo mu 1917 anavulazidwa ndi zidutswa za bomba. Sankalemba za m'maluwa. Wofotokoza nkhani m'bukumo ndi Paul Bäumer, mnyamata amene iye ndi anzake a m'kalasi anakalembetsa usilikali atakopedwa ndi mphunzitsi wawo, Kantorek, munthu wa pakamwa pokoma ponena za kukonda dziko, amene iye mwini ankalankhula zimenezi ataima pa bolodi.

Anyamatawo anaphunzitsidwa masabata 10. Wowaphunzitsa anali Himmelstoss, bambo wamfupi amene nkhondo isanayambe ankagwira ntchito yoperekera makalata m'makomo. Atangovala mikwingwirima ya udindo paphewa anasanduka chilombo. M'mawa wina anamuyalitsa Paul bedi ka 14, nthawi iliyonse kupeza polakwika ndi kufwanyula. Anamukolopetsa chipinda ndi mswachi. Ankawagonetsa ndi kuwadzutsa m'munda wa matope mpaka munthu kusanduka chibuma, kenaka patangopita maola ochepa ankafuna aonekere ndi zovala zomwezo zili mbee. Anyamata awiri amene anali ndi vuto lokodza pogona anawagoneka pa bedi la m'mwamba ndi m'munsi, n'kumawasinthanitsa, akuti awachiritse ulesi.

Nkhanza zimenezi n'zowawa kuziwerenga. Koma tamvetserani chinthu chimodzi chimene chili mkati mwake. Mantha a pabwalo la maphunziro ali ndi nkhope. Ali ndi dzina, ali ndi nthawi yoweruka, ali ndi njira imene amadzera pochokera kumowa. Usiku woti mawa anyamuka kupita kunkhondo, Paul ndi anzake anamubisalira Himmelstoss panjira ya mdima, anamuphimba kumutu ndi nsalu yoyala pabedi, namukwapula mpaka mitima yawo inatsika. Himmelstoss ungamubwezere. Ungamupusitse. Ungaphunzire zimene amafuna, uyale bedi molondola, upukute mabatani, mwina lero akusiya. Pabwalo paja pali pangano losalembedwa lakuti wolakwa ndiye alangidwa, ndipo wochita bwino apuma.

Bomba la mzinga silidziwa pangano limenelo. Sungaliphimbe ndi nsalu kumutu. Silidziwa amene anayala bedi bwino. M'mutu woyamba weniweni wa bukuli, gulu la Paul linapita kutsogolo lili ndi anthu 150, linabwerako ndi 80, ndipo otsalawo anasangalala kuti chakudya chimene chinaphikidwira anthu 150 adya okha. Pambuyo pa nkhondo ina yoopsa pakati pa buku, atawerengedwa anapezeka 32. Palibe pamene Remarque akutiuza kuti 32 amenewo ndiwo ankaguba bwino kuposa anzawo.

Nanga Himmelstoss? Tsiku linafika, nayenso anatumizidwa kutsogolo. Mabomba atayamba kugwa, Paul anamupeza atadzipanikiza pakona m'chipinda chokumba pansi, ali ndi kabala kakang'ono, akunamizira kuti wavulala kwambiri, pamene tianyamata tatsopano tinali panja. Paul anamukalipira, anamugwedeza, anamumenya, koma munthu uja ali njenjenje, osasuntha. Kenaka panadutsa mkulu wina wa asilikali n'kulamula kuti onse apite kutsogolo. Zimene zibakera zinalephera, lamulo linatha: Himmelstoss anadzambatuka n'kuthamanga, mpaka kupitirira mkulu uja.

Pamenepa ndipo pandichititsa kulilemekeza bukuli. Wolemba waulesi akanamusiya Himmelstoss ali wamantha mpaka kumapeto kuti owerenga tikhutire. Remarque akutionetsa kuti chinthu chomwe chija chimene Himmelstoss ankakhomerera mwa ena, kumvera mawu a lamulo thupi lisanafunse mutu, ndicho chinamutulutsa iye mwini m'dzenje. Pambuyo pake ananyamula mnzawo wa Paul, Haie Westhus, atavulala koopsa kumsana, ndipo atapatsidwa ntchito ya kukhitchini anawabweretsera shuga ndi batala kuti akhululukirane. Paul nayenso akuvomereza kuti kuuma mtima kumene anaphunzira m'masabata 10 aja kunawateteza kuti asapenge m'ngalande, ndiponso kuti kudana ndi munthu mmodzi kunawamanga pamodzi ngati abale. Choncho bukuli silikunena kuti maphunziro ndi achabe. Likunena kuti amathera pakhomo.

M'nyumbamo mphunzitsi ndi wina. Dzina lake Katczinsky, anzake ankangomuti Kat, bambo wa zaka 40, wosoka nsapato. Kat sadziwika ndi sawatcha. Amadziwika ndi mphuno: mukafika m'mudzi wopsa wopanda ngakhale khoswe, iye amachoka kanthawi n'kubwera ndi buledi ndi nyama ya hatchi. Amadziwika ndi khutu. Msilikali wakale amasiyanitsa kulira kwa mabomba monga mlimi amasiyanitsira mtambo wa mvula ndi mtambo wongodutsa. Mabomba akuluakulu obangula aja nthawi zambiri amakagwera kutali. Oopsa ndi ang'onoang'ono, a kamluzu kapansipansi, omwaza zitsulo mofanana ndi nthaka. Mnyamata watsopano amatchera khutu ku chobangula, osamva kamluzu kamene kakubwerera iye. Mpweya wa poizoni ukaponyedwa, amaona anzake kumtunda avula zophimba kumaso, nayenso n'kuvula ali m'dzenje, osadziwa kuti mpweyawo ndi wolemera, umakhalitsa m'malo otsika. Mapapo amapsa, amafa akutsamwa. Paul akuwerengera kuti pa msilikali wakale mmodzi amene wafa, atsopano amafa asanu mpaka khumi.

Ngakhale zida zimasintha ntchito. Pabwalo amaphunzitsa kubaya ndi mpeni wa kunsonga kwa mfuti, kubaya thumba la udzu lolendewera. M'ngalande yopapatiza asilikali akale a m'bukuli amakonda fosholo yonola, chifukwa mpeni uja umakanirira m'nthiti, ndipo pamene ukulimbana nawo kuti uuzule, mnzake wa amene wabayidwayo wakufikira kale.

Pali kamphindi kena kamene sindikaiwala. Mnyamata wina watsopano, mabomba oyamba m'moyo wake akugwa, anakwawa n'kubisa mutu m'khwapa mwa Paul ngati mwana kwa mayi ake, ndipo anadziipitsira m'kabudula. Zitatha anachita manyazi kwambiri. Paul sanamuseke. Anangomuuza kuti apite kuseri akataye kabudulayo, zimachitikira ambiri. Palibe ndandanda ya maphunziro imene ili ndi phunziro limenelo, koma pa tsikulo ndi limene mnyamatayo ankalifuna.

(NG'OMA IKWERE PANG'ONO, KENAKA ITSIKE)

Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za kusiyana kwa maphunziro a usilikali ndi nkhondo yeniyeni, monga momwe olemba nkhani amationetsera.

Nkhani imeneyi si ya Azungu okha. Ku Nigeria, Ken Saro-Wiwa analemba buku lotchedwa Sozaboy, limene linatuluka mu 1985, lonena za nkhondo yapachiweniweni yonga imene inachitika m'dzikomo kuyambira 1967 mpaka 1970. Mene, mnyamata wophunzira kuyendetsa lole m'mudzi wa Dukana, akukopeka ndi yunifolomu, kuguba ndi nyimbo za asilikali, komanso akufuna kuti mkazi wake Agnes azimuona ngati mwamuna wotha kumuteteza. Waphunzira kuponda mwendo limodzi ndi anzake, wanyadira mfuti yake. Chimene chinamupeza ndi ndege yoponya mabomba pamsasa, njala, ndi anthu osintha mbali mwakuti sukudziwanso mdani ndani. Atabwerera kwawo anapeza mayi ake ndi Agnes anafa, ndipo anthu a m'mudzi ankamuyesa mzukwa. Mnyamata ameneyu akanakhala wa kwathu kuno, akanakhala mmodzi wa ana aja amene amathamangira m'mbali mwa msewu kutsatira bandi ya asilikali.

Ku America, kale mu 1895, Stephen Crane anatulutsa The Red Badge of Courage. Crane anabadwa mu 1871, nkhondo yapachiweniweni ya dzikolo ya 1861 mpaka 1865 itatha kale, ndipo polemba bukuli anali asanaonepo nkhondo ndi maso. Komabe anagwira chinthu chimene asilikali enieni anachivomereza. Henry Fleming wakhala miyezi pamsasa akuguba ndi kudikira, ndipo funso limene likumudya usiku ndi lakuti: kodi zikadzayamba ndidzathawa? Palibe sajeni amene angamuyankhe, chifukwa palibe njira yoyesera zimenezo popanda imfa yeniyeni kutsogolo. Adani atabwera koyamba, manja ake anagwira ntchito okha, kuthira chipolopolo, kuwombera, kuthiranso, monga anaphunzitsidwira. Adani anabwerera. Henry anapuma, nadziona kuti ndi mwamuna. Ndiye adani aja anabweranso kachiwiri. Apa Henry anataya mfuti, liwiro la mtondo wadooka.

Kachiwiriko ndiko nkhani yonse. Pa maphunziro mayeso amatha. Wezulo imalira, mumakasamba, mumakadya. Thupi limazolowera kuti likapirira mpaka pakutipakuti, lipuma. Henry anapirira mpaka pamene mtima wake unkayembekezera wezulo, koma wezuloyo panalibe. Ndipo bala limene anabwerera nalo kwa anzake, limene iwo analiyesa la ngwazi, anamupweteka ndi msilikali wa mbali yake yomwe, amene ankathawanso, pomumenya ndi mfuti m'mutu.

Pano ndiloleni ndipatuke pang'ono. Ambirife nkhondo tinaidziwira m'mavidiyo a pamsika, mmene Rambo yekha amagwetsa chigulu cha adani, mfuti yake osatha zipolopolo, iye osatsekula m'mimba, osalira usiku. Ana amatuluka m'menemo akuwomberana ndi mapesi. Sindikuletsa munthu kusangalala ndi filimu. Koma zimandipweteka kuti mafilimu otere amapitiriza bodza la Kantorek, lakuti amene waphunzira bwino ndi kulimba mtima chipolopolo chimamulambalala. Mwana amene wakhulupirira zimenezo n'ngosavuta kumutenga tsiku limene wandale wina adzafune anyamata.

Tibwerere. Pali chinthu china chimene bwalo la maphunziro limavutika nacho kuposa mantha, ndicho kupha. Mu 1947 wolemba mbiri ya asilikali a America, S.L.A. Marshall, anatulutsa buku lotchedwa Men Against Fire, mmene ananena kuti pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali a America amene ankawomberadi adani pa nthawi ya kumenyana sankapitirira mmodzi mwa anayi alionse. Akatswiri a mbiri pambuyo pake anakayikira kwambiri mmene anapezera chiwerengerocho, ndipo mkanganowo ulipo mpaka lero. Koma akuluakulu a asilikali anamumvera. M'zaka za m'ma 1950 anayamba kusiya chandamale chozungulira chija chongoima, n'kuika chandamale chooneka ngati munthu, chimene chimadzuka mwadzidzidzi n'kugwa ukachilasa. Cholinga chinali chakuti chala chikoke mtima usanafunse.

Filimu ya Stanley Kubrick ya mu 1987, Full Metal Jacket, yochokera m'buku la Gustav Hasford lotchedwa The Short-Timers, inadulidwa pakati ngati papaya kuti ionetse zimenezi. Theka loyamba lili ku Parris Island, kumene amaphunzitsirako asilikali a gulu la Marines. Sajeni Hartman, amene anaseweredwa ndi R. Lee Ermey, munthu amene anagwiradi ntchito yophunzitsa asilikali, akutukwana ndi kuphwanya anyamata kuti awaumbenso akhale akupha. Mmodzi, amene anamupatsa dzina lachipongwe loti Pyle, wonenepa, wochedwa kugwira zinthu, akuumbika mopitirira: wasanduka katswiri wa mfuti, mutu wasokonekera, ndipo usiku womaliza akuwombera sajeniyo kenaka n'kudziwombera. Theka lachiwiri lili ku Vietnam, mumzinda wa Hue, mu 1968. Gulu la anyamata ophunzitsidwa mwapamwamba lija lasochera m'mabwinja, ndipo munthu mmodzi wobisala akuwagwetsa, woyamba, wachiwiri, wachitatu. Atamupeza, ndi mtsikana wamng'ono. Joker, amene timamutsatira kuyambira pachiyambi, ataima naye maso ndi maso, mfuti yake inakana kulira. Mnzake ndiye anamuwombera mtsikanayo, ndipo ali gone akupempha kuti amumalize, ntchitoyo inagwera Joker. Chandamale cha ku Parris Island sichinkapempha kanthu.

Remarque anali atafika kale pamenepa zaka 58 m'mbuyomo, ndipo kwa ine iye anafika mozama. Paul wasochera usiku pakati pa mbali ziwiri, wabisala m'dzenje la bomba lokhala ndi madzi. Munthu wagweramo. Paul sanaganize, dzanja linabaya lokha. Maphunziro anagwira ntchito yake bwino lomwe. Koma zipolopolo zinali zikudutsa pamwamba, sakanatha kutuluka, ndipo munthu uja sanafe msanga. Usiku wotsalawo ndi m'mawa wonse Paul anakhala naye m'dzenjemo akumva kupuma kwake kwa phokoso. Anamutungira madzi a m'matope ndi mpango, anamumanga mabala amene iye yemwe anamubaya. Munthuyo atamwalira masana, Paul anatsegula kachikwama kake. Munali makalata, munali zithunzi za mayi ndi kamtsikana. Dzina lake linali Gérard Duval, Mfalansa wogwira ntchito yosindikiza mabuku. Paul analonjeza mtembowo kuti adzalembera mkazi wake, adzatumiza ndalama. Pofika madzulo, njala ndi mantha zitamugwira, anadziwa yekha kuti sadzachita. Atabwerera kwa anzake, Kat anamukhazika mtima pansi pomuonetsa katswiri wina wowombera amene ankawerengera anthu amene wagwetsa tsikulo ngati zigoli.

Mwina simudabwa kumva kuti chipani cha Nazi chitatenga boma mu 1933, bukuli linali m'gulu la mabuku amene anawotchedwa poyera. Boma limene likukonzekera kuitananso anyamata silifuna kuti iwo adziwe za kachikwama ka Duval.

Ndatsala ndi mphindi zochepa, ndipo ndikufuna ndizipereke kwa Kat, chifukwa akulu anati tsoka silinunkha, ndipo Kat ndiye anali ndi mphuno yoposa onse. Munthu amene ankamva bomba lisanafike, amene anaphunzitsa anyamata ambirimbiri nthawi yogona pansi ndi nthawi yodzuka, amene anawotcha tsekwe ndi Paul usiku m'kashedi n'kudya awiriwiri ngati bambo ndi mwana wake. Ngati luso likanakhala lopulumutsa munthu kunkhondo, Kat akanabwerera kukasoka nsapato.

M'chilimwe cha 1918, nkhondo itatsala miyezi yochepa kuti ithe, Kat analasidwa pamsongolo akubweretsa chakudya. Bala lotere silipha. Paul anamumanga, namubereka kumsana, ulendo wa kumalo othandizirako ovulala. Panjira anapuma, anasuta fodya, anapatsana ma adiresi kuti adzalemberane nkhondo ikatha. Paul anamunyamulanso, thukuta lili kamukamu, mabomba akugwa apa ndi apo, mpaka anafika. Anamutsitsa pansi mosamala, mtima uli phee kuti mnzake wapulumuka. Wothandiza odwala anangoyang'ana n'kumuuza kuti wavutika chabe, munthuyu wafa. Paul anakana, nati ndi mwendo wokha, tinkalankhula posachedwapa. Atagwira kumutu kwa Kat, zala zinatuluka ndi magazi. Kachitsulo kakang'ono ka bomba kanamulowa m'mutu ali kumsana kwa Paul, ndipo Paul sanamve kanthu.

Wothandiza odwala uja, poona mmene mnyamatayo waimira, anamufunsa ngati anali pachibale. Paul anayankha kuti ayi.

Paul nayenso anafa mu Okutobala 1918, pa tsiku limene lipoti la asilikali linanena kuti kumadzulo kulibe chatsopano, ndipo m'menemo ndimo munachokera dzina la bukuli.

  

(NG'OMA YA MALIPENGA IKWERE MPAKA KUMAPETO)